Mphuno ya a Blasius

Pa Nselema palibe amene sadziwa mphuno ya a Blasius. Eni akewo amaitama ngati munda wa makolo. Anakhala khukhi wa ansembe ku mishoni zaka makumi awiri, ndipo kumeneko ndiko anaona azungu akupukusa vinyo m'tambula, kumununkhiza, kenako kumulawa pang'onopang'ono. Atapuma ntchito anagula zidebe n'kuyamba kutcheza wawo: wa malambe, wa chidede, wa masau.

Lamulungu akaweruka ku tchalitchi ankandandalika matambula pakhonde, anthu n'kumalawa motsatana. Koma kuyankhulapo ayi, woyankhula anali mmodzi. Wa chidede ankati ndi wowawasa ngati mawu a apongozi, wa masau akununkhira dothi la mvula yoyamba. Akazi awo, a Elube, ankangotsuka zidebezo.

Ndiye kunabwera chinkhoswe cha mwana wawo Triza. Anamva kuti nkhoswe ya kuchimuna, a Goliati, amathirira alendo vinyo pa hotela ina ku Liwonde. A Blasius anachita kuvina ndi chimwemwe. Munthu wodziwa zinthu, pakhomo pawo! Ankafuna chinthu chimodzi basi: katswiriyo avomere pamaso pa abale onse kuti m'nyumba muno muli vinyo weniweni. Anatcheza wa malambe wambiri, moti zidebe zitachepa anatola china kuseri kwa khitchini osafunsa munthu.

Sabata ya chinkhoswe chimfine chinawagwira, mphuno n'kutsekeka. Kuvomera? Iwowo? Anangoti ndi fumbi.

Tsikulo, mwambo utatha, anatsegula chidebe chakukhitchinicho, nathirira akuluakulu. Anapukusa tambula yawo, maso ali tsinzinu, n'kulengeza kuti akumvamo uchi ndi maluwa a mango. A Goliati ananunkhiza kamodzi, n'kuyamba kuyang'ana nsapato zawo.

Amene anayankhula ndi a Usumani, telala wapamsika, mnzawo wakalekale. Iwo ndi Msilamu, vinyo sanamulawepo, anali poteropo ndi thobwa lawo.

"Achimwene," anatero mofatsa, "uchiwo sindikudziwa, koma matemba a ku Chilwa ndikuwamva ndili kuno."

Chidebecho n'chimene a Elube ankasungiramo nsomba zouma. Paja amati tsoka silinunkha, koma la a Blasius linafika mpaka kumsewu. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. A Blasius anachita manyazi koopsa, ndipo Triza anabisa nkhope m'chitenje.

A Elube analowa m'nyumba natuluka ndi kachigubu kamene amuna awo sankakadziwa. Munali vinyo wa bwemba, wotcheza okha mwakachetechete. Anagwada n'kuthirira a Goliati. Mlendoyo ananunkhiza, kulawa, kulawanso, nkhope n'kuwala. Anati uyu amayamba ndi kuwawasa, kenako kutsekemera kumabwera pambuyo n'kukhalitsa pakhosi, ndipo akuposa ena a m'mabotolo amene amatsegula tsiku ndi tsiku. Azimayi analulutira, azibambo akutambasula mikono kuti awathirireko. A Goliati anagwira a Blasius chanza ndi manja awiri, kuwatcha katswiri.

A Blasius analawako, osamva kanthu ngati amwa madzi. Ulemu umene anaulakalaka moyo wonse unali m'manja mwawo, ndipo akazi awo anali atawerama kale, okonzeka kuwasiyira.

"Iyayi, bambo," anatero a Blasius. "Chanza chimenechi apatseni amake Triza."