Bwalo la Atate ku Kabwata

Nditasiya koleji, atate analumbira kuti sadzandilankhulanso mpaka nditabweretsa digiri. Anali mkulu wa mpingo, munthu wosabweza mawu. Pasanapite nthawi sitiroko inawathandiza kusunga lumbirolo: pakamwa panapotoka, mbali yakumanja n'kufa.

Ntchito yowayang'anira masana inagwera ine, lova wa panyumba. Apo n'kuti ndikulembera famase ina ya ku Woodlands kapulogalamu kochenjeza mankhwala akatsala pang'ono kutha mphamvu. Kalembedwe kanga kanali ka kondakitala wa basi: lowetsa zonse, kankha chitseko, tiye. Kakakana, ndinkasintha mzere uliwonse umene maso agwerapo, n'kupemphera.

Malaiti akapita, laputopu inkatsatira. Tinkatsala awiri, ine ndi atate pampando wawo. Tsiku lina, posowa chochita, ndinayamba kuwafotokozera.

"Atate, botolo likafika, pulogalamu ifunsa tsiku lake lothera. Tsikulo likayandikira, ichenjeza."

Diso lawo lamanzere linandiyang'ana ngati ndine mwana wa kalasi ya kutchalitchi amene walumpha vesi. Ndinabwereza pang'onopang'ono. Pakati ndinaima. Nanga botolo likafika lopanda tsiku? Cholakwa chinali pomwepo, chili phee, chikundimvetsera.

Kuyambira pamenepo sindinkakhudza kiyibodi ndisanaonekere ku bwalo la atate. Kumeneko kunalibe zoti "kenako zimangochitika". Sitepe iliyonse inkatchulidwa, ndipo ndikanama ndinkadzimva ndekha, chifukwa woweruza sankandidula mawu.

"Iwe, uzabapaya batate bako na vamakompyuta," amayi ankatero akabwera kuchokera kumsika.

"Amai, musasokoneze. Mlandu uli mkati."

Famase itayamba kugwiritsa ntchito pulogalamuyo, ndinagwada pafupi ndi mpando.

"Atate, si digiri. Koma isebenza."

Ndinadikira. Dzanja lawo lamanzere linadzuka pang'ono, n'kugweranso pabondo. Amayi amati linali dalitso. Ine ndinaona ntchentche pafupi. Zonse ziwiri n'zotheka, ndipo ntchito yanga imaletsa kusankha yankho chifukwa choti ndi limene likukoma. Umayesanso. Koma sindinayesenso: atate anatisiya mvula isanagwe.

Lero ndimagwira mu ofesi ya ku Kabulonga, ya jenereta, mosathima malaiti. Amanditama kuti sindithamanga. Pulogalamu ikavuta ndimakoka mpando wopanda munthu, n'kuyamba kuufotokozera kuchokera pachiyambi. Anzanga amaseka. Mpandowo suyankha. Atate akusungabe mawu awo.