Kankhalango ka Mayi Sesiliya

Andireya Mbewe wa ku Chiparamba anali munthu wa nkhani imodzi basi: mitengo. Ukamupatsa moni, iye amakufunsa amene wadula mlombwa wa m'mbali mwa njira. Nthawi ya azungu anali mlonda wa nkhalango, ndipo ntchitoyo itatha, ulondawo sunamuchoke m'magazi.

Chimene chinkamudya mtima chinali kankhalango ka pakaphiri kuseri kwa mudzi, kamene m'munsi mwake munkatuluka kasupe womwe mudzi wonse unkamwa. Ufulu utabwera, anthu anati malamulo a mitengo anali a mzungu, ndiye mzungu wapita, nkhwangwa zilire. Uyu akufuna nkhuni zootchera njerwa, uyo mitengo ya chigafa cha fodya. Anyamata ankayatsa tchire lonse chifukwa cha mbewa zowonda zosakwana ndiwo. Kasupe anayamba kuphwa.

Andireya analankhula paliponse, Misa ikatha, pamowa, ngakhale pamaliro. Anapita kusukulu kukaphunzitsa ana kuti mizu ndiyo imasunga madzi. Anawo anawomba m'manja, ndipo m'mawa mwake aphunzitsi anawatuma kukadula mitengo ya mpanda kuphiri komweko. Anapalasa njinga mpaka ku Fort Jameson, nabwerako ndi chikwangwani choletsa kudula mitengo. Posakhalitsa chikwangwanicho chinali chitseko cha khola la nkhumba. Anthu akwathu sakutsutsa ayi. Amavomera mwaulemu kuti zoona a Mbewe, nkhwangwa ataibisa kumbuyo.

Mkazi wake Sesiliya ankamuseka kuti akungolemba m'madzi. Komatu ndi iyeyo amene ankakhala pakasupe mpaka miyendo kuchita dzanzi, kudikira kuti chikho chidzaze.

Chaka chimene tauni ya Fort Jameson inayamba kutchedwa Chipata, Sesiliya anadwala kwambiri. Ataona kuti sadzukanso, anaitana mwamuna wake ndi alongo ake.

"Mukandiike pakaphiri paja, a Mbewe," anatero. "Inu mwalankhula mpaka mawu kusasa. Tione ngati angadule mtengo pamutu panga."

Alongo a Sesiliya anadandaula kuti manda a makolo alipo, koma ndani angakane mawu otsiriza a munthu? Anamuika pansi pa msuku, chakumtunda, kutali ndi madzi.

Kuyambira tsikulo malowo anakhala manda, ndipo kumanda sikulowa nkhwangwa. Ngakhale nkhuni youma palibe anaitola. Osaka mbewa ankalambalala ndi moto wawo. Patapita mvula zingapo, kasupe anayambanso kudzaza mitsuko.

Anthu ankamuyamikira Andireya kuti maphunziro ake apindula. Iye ankangotsonya, mtima ukumuwawa. Za mizu ndi madzi palibe amene anazimva. Chimene anthu anamvera ndi mtumbira. Madzi anabwereradi, koma Andireya ankakawatunga yekha, ndi mtsuko wa Sesiliya.