Mphika wa m'dzenje la njerwa

Ndikukumbukira nthawi imene mavidiyo anafika kwathu ku Machinjiri, zipani zambiri zitangoyamba kumene. Kachisakasa ka malata kuseri kwa msika kanali ndi kanema mmodzi, mabenchi ogwedera ndi fungo la thukuta losakanikirana ndi la tchipisi. Ine ndi achemwali anga a Esinati tinkazembera kumeneko Loweruka masana, amayi akudziwa kuti tili ku kwaya.

Tsiku lina anaika filimu ya anthu okumba zinthu zamakedzana. Chingerezi chake chinkangotidutsa. Akamalumpha maphompho ndi kuzinda zipolopolo tinkaseka, wina kumbuyo n'kukuwa kuti bodza ilo. Koma mayi wina wa m'filimumo atagwada m'dzenje, maondo ali dothi lokhalokha, n'kuyamba kupukuta mphika ndi kaburashi, tonse tinangoti zii. Ankauzira fumbi pang'onopang'ono, thukuta likulowa m'maso, mphikawo ataugwira ngati khanda. Apo tinakhulupirira zonse, ndi maphompho omwe, chifukwa dothi ndi kutopa tinkazidziwa.

Chilimwe cha chaka chomwecho bambo ankaumba njerwa za nyumba yathu. Akukumba dothi, khasu linagunda mphika wakuda, wamizeremizere m'khosi, wopanda ndi mng'alu womwe. Achemwali analumphira m'dzenjemo ndi mswachi wawo.

"Ababa, khasulo ayi. Uwu ndi wa anthu akalekale."

"Zimenezi mumaphunzira ku kwaya?" anafunsa bambo akuseka, koma anawasiya.

Anaufukula masana onse, ine ntchito yanga ili youzira fumbi. Sindinawaonenso akusangalala choncho. Ankati akadzakula adzagwira ntchito imeneyi.

Amayi atabwera kumsika anangouona, nkhope n'kusintha. Kwa iwo mphika wokwiriridwa pamalo pa munthu unali mankhwala basi, makamaka poti tinali pa mkangano wa malire ndi aneba. Anaitana akulu a mpingo. Tinaimba nyimbo, anapemphera, kenako mkulu mmodzi anauphwanya ndi mpini. Mapale ake anawaponya m'matope oumbira njerwa, bambo n'kuwapondaponda osayang'ana aliyense. Achemwali sanalire, koma ku vidiyo sanapitenso, ndipo za ntchito ija sanazitchulenso.

Amayi sindiwada, ankatiteteza mmene ankadziwira. Koma zimandiwawabe. Nditakula ndinaona miphika yofanana nawo itasungidwa m'magalasi, m'nyumba yoonetsera zinthu zakale. Lero malo onse aja ndi nyumba zokhazokha, palibe pokumba, ndipo ana anga amaonera mafilimu otere pafoni, chala chikuthamangitsa filimuyo paliponse pamene munthu wagwada m'dothi.

Chaka chatha pulasitala inagwa kuchipinda kwa malemu amayi. Achemwali, amene pano amagulitsa kaunjika ku Limbe, anandiitana kuti ndidzaone. M'njerwa imodzi munkaoneka kaphale kakuda, mizere yake ili yomweyo. Anawerama ndi msana wawo wovutawo, n'kukauzira fumbi pang'onopang'ono.