Achemwali anga pa shawa imene sindinawaitane

Usiku wathawu ndinalota maloto amene mpaka pano akundilemera mumtima, ndiye ndati ndikufotokozereni anzanga mwina wina andimasulira. Koma ndiyambe ndaulula kaye chinthu chimodzi kuti mumve bwino. Shawa yanga ilipo Loweruka likubwerali, ukwati mwezi wamawa. Achemwali anga aakulu, a Aginesi, amene anandilera mayi athu atamwalira, sindinawauze. Iwowa amagulitsa matimati pamsika wa ku Lunzu. Sukulu anasiyira panjira kuti ine ndiphunzire, ndipo polankhula sasankha mawu. Kuchimuna kwanga ndi anthu ophunzira, a mpanda wa njerwa. Ndinadziuza kuti achemwali ndidzawaitana pa ukwati weniweniwo, pomwe anthu adzakhale ambiri.

Ndiye m'malotomo tsiku la shawa linali litakwana. Malo ake anali holo ya kutchalitchi kwathu, koma mkati munali mabenchi a kupulayimale, ndipo dzina langa linalembedwa pabolodi ndi choko. Anandikhazika kutsogolo pa mpando wokutidwa ndi chitenje. Diresi linali lokongola, koma kuphazi ndinalibe nsapato, ndiye ndimangobisa mapazi kunsi kwa mpando. Pambali panga panakhala apongozi anga, mayi ake a Yamikani amene ndikukwatirana nayeyo.

Mphatso zinayamba kubwera. Anzanga akuntchito analowa akuvina atanyamula mapoto, amayi akutchalitchi mbale zadothi ndi mabeseni, alamu anga aakazi atagwirizana firiji ngati ndi chinthu chopepuka. Fulasiki, simbi, mabulangete, mbaula ziwiri. Mulu unakula mpaka kutseka zenera. Kenako mayi woyendetsa mwambo anati tsopano ndi nthawi ya abale ake a mkwatibwi. Nyimbo inalira mpaka kutha, palibe anaimirira. Anaibwerezanso. Anthu onse anatembenuka n'kumandiyang'ana.

Apo m'pamene chitseko chinatseguka, achemwali n'kulowa. Anali ndi epuloni yawo yakumsika ija, mapatapata odzaza fumbi, pamutu atasenza lichero lofunditsidwa ndi nsalu. Anavina okhaokha kuchokera pakhomo mpaka pakati, akumwetulira, akuyang'ana ine. Palibe anawaombera m'manja. Apongozi anawerama n'kundifunsa chapansipansi.

"Mwananga, mayiwa ndi ndani?"

"Ndi mayi amene amatigulitsa matimati," ndinayankha.

Sindikudziwa kuti maikolofoni inafika bwanji m'manja mwanga, koma mawuwo anamveka holo yonse. Achemwali anaima kaye pang'ono, kenako anapitiriza kuvina ngati sanamve. Atafika anagwada patsogolo panga monga amachitira alendo, n'kutula lichero. Nditavundukula munali poto wathu wakale wa chigwiriro chimodzi, yemwe ankandiphikiramo phala ndisanapite kusukulu. Anali atamukwecha mpaka kuwala. Pambali pake panali chipande, mthiko ndi nsapato zanga zasukulu.

"Vala, pansi pakuzizira," anatero.

Ndinafuna kunena kuti awa ndi achemwali anga, koma woyendetsa mwambo anali ataitana kale gulu lina. Wina anatenga poto uja n'kukamuika kuseri kwa firiji, ine ndinangoona osaletsa.

Kenako ndinapezeka ndili m'nyumba yathu ya ku Lunzu, m'chipinda chomwe tinkagona awiri pamphasa imodzi. Mphatso zonse zinali mmenemo, zitadzaza mpaka kudenga. Kunja kumagwa mvula, ndipo achemwali amagogoda, osati mwaukali, koma pang'onopang'ono ngati munthu woopa kudzutsa mwana. Mapoto anali atatsekereza chitseko. Ndikachotsa poto mmodzi pamabwera ena atatu. Ndinachotsa mpaka manja kuwawa. Apongozi anakhala pa firiji akumwa tiyi, akundiuza kuti ndisamale, mbalezo n'zosachedwa kusweka. Ndinasiya chitseko n'kuyamba kusanja mbale. Chimenecho ndiye chikundipweteka kwambiri, chifukwa palibe anandikakamiza.

Ndiye basi tinali m'minibasi, ulendo wopita ku nyumba yanga yatsopano. Katundu anali pamipando yonse, beseni lina lili pamiyendo panga. Achemwali anali atanyowa, atakhala kampando kapakhomo kaja. Titafika pokwera phiri minibasi inakanika. Kondakitala anati talemera, atsike munthu mmodzi kapena titsitse katundu. Anayang'ana ine, poti katunduyo anali wanga. Ine ndinayang'ana pazenera. Ndinamva chitseko chikutseguka.

"Ndiyenda wapansi, si patali," anatero achemwali. Anandikonza kolala ya diresi asanatsike.

Minibasi inanyamuka mopepuka. Ndinatembenuka n'kuwaona pagalasi lakumbuyo ataima pamsewu, akucheperachepera, lichero lopanda kanthu lili m'manja. Apo ndiye ndinayamba kumenya denga kuti aime. Ndinakuwa dzina lawo koma mawu samatuluka. Ndinayesa kutsegula chitseko, chogwirira chake chinasanduka chipande n'kuthyokera m'manja mwanga.

Ndinadzidzimuka foni ikunjenjemera pafupi ndi khutu, kunja kutayera kale, pilo atanyowa. Unali uthenga wa achemwali. Analemba kuti, "Tadala, ndamva kwa mnzako wina kuti shawa ili Loweruka. Ndakugulira ndowa ziwiri ndi zitenje. Usavutike, ndimupatsira kondakitala akakusiyire kwanuko ku Limbe."

Uthengawo ndauwerenga kambirimbiri, sindinayankhebe. Kuntchito ndangokhala, tiyi wazizira patebulo. Nambala yawo ndaitsegula kawiri n'kuitsekanso, chifukwa sindikudziwa kuti mawu oyamba akhale otani.

Inu amene mumadziwa za maloto, tandiuzani. Kulota uli wopanda nsapato pa mwambo wako womwe kumatanthauza chiyani? Nanga munthu wamoyo kutsika m'galimoto iwe n'kupitirira, si zoopsa zimenezi? Ena mwina munena kuti ndi mtima wanga womwe ukunditsutsa, ndipo sindikana. Koma ngati pali tanthauzo lina, ndiuzeni lero lomwe, chifukwa madzulo ano ndikukwera minibasi ya ku Lunzu ndipo sindikufuna kukafika pa benchi lawo la matimati ndilibe chonena.