Jagi ya Bupe

Ndimakumbukira mzere wa zigubu zachikasu pakhonde la kalasi yathu ku Kanyama, komboni ya m'tauni, chilichonse chili ndi dzina la mwini wake lolembedwa ndi msomali wotentha. Chaka chimenecho ndinali nditangofika kuchokera kumudzi ku Katete kudzakhala ndi azakhali, ndipo anandilowetsa giredi faivi pasukulu ya boma. Pompi ya pasukulupo inali itauma kalekale, panangotsala chitsulo chimene tinkamangapo chingwe posewera waida. Inali nthawi imene makolo ankalawirira kukafola mzere wa ufa, sopo akudula tizidutswa, ndiye zokonza pompi panalibe wozikamba. Mvula ikagwa madzi sankalowa pansi chifukwa Kanyama ndi mwala. Zimbudzi zinkasefukira ndipo fungo linkatilondola mpaka m'kalasi. Titamva kuti kolera yalowa m'makomboni, ahedi analamula kuti mwana aliyense azibwera ndi chigubu cha madzi, ndipo pasapezeke wolowa m'kalasi asanasambe m'manja.

Aphunzitsi athu, ba Tembo, anati pakhale mwana mmodzi wosambitsa anzake nthawi yopuma ikatha, wosunga jagi ndi kachidutswa ka sopo. Ntchito imeneyi ndinaifuna ndi mtima wonse. Chizungu changa anzanga ankachiseka, Chinyanja changa ankati n'chakumudzi, koma madzi ndinkawadziwa, ndinakula nditawasenza. Ndinkadzuka kusanache kukafola pa pompi ya m'komboni, chigubu changa chinkafika chodzaza mpaka pakamwa, ndipo ndinkachiika kutsogolo kuti ba Tembo achione. Iwo anasankha Bupe.

Bupe anali mtsikana wochokera ku Kitwe, wolankhula mosaopa. Kwawo kunali pompi pabwalo penipeni, ndipo chigubu chake ankachita kumubweretsera achimwene ake pa wilibala, nthawi zina chili theka. Akadutsa pafupi ankamveka sopo. Ine ndinkaima pamzere n'kumawerenga mumtima madzi amene ankamwaza. Ankathira jagi mopendeketsa kwambiri, madzi n'kumagwa pansi, matope n'kuchita thithithi pakhomo, iye akuseka ndi anzake. Zigubu zinkatha tisanaweruke. Ikafika nthawi yanga ndinkatambasula manja osamuyang'ana, ndipo ndinkati zikomo ndi mawu aulemu kwambiri, mtima ukuwawa. Ndinkadana ndi riboni yake, ndinkadana ndi mmene ba Tembo ankatchulira dzina lake. Kunyumba ndinkatenga kapu n'kumayeserera kuthira kuseri kwa nyumba, kuonetsa nkhuku mmene ntchitoyo iyenera kugwiridwira.

Lolemba lina Bupe sanabwere. Tinamva kuti watsegula m'mimba, ali kuchipatala. Ndikuchita manyazi kunena, koma ndinakondwa. Ba Tembo anayang'ana kalasi yonse, kenako anaika jagi ndi sopo pa desiki langa, n'kupita kumsonkhano ku ofesi ya ahedi. Sanandiuze kachitidwe kake, nanenso sindinafunse. Ndinkafuna kuti pobwera apeze zimene Bupe sanachitepo: zigubu zodzaza.

Kwathu kumudzi tikamadya, madzi osamba m'manja ankakhala m'beseni limodzi. Ankayamba akulu, beseni n'kumayenda mpaka kwa wamng'ono, ndipo palibe dontho linkapita pachabe. Ndinakabwereka beseni kwa amayi ogulitsa vitumbuwa pageti, ndinathiramo majagi atatu okha, n'kuuza anzanga kuti aime monga mwa msinkhu, aatali patsogolo. Ena anaseka, koma anamvera poti sopo anali m'manja mwanga. Anaviika manja mmodzimmodzi. Madzi anasanduka otuwa, kenako akuda ngati a m'ngalande, ine ndili chilili pambali, ndikunyadira zigubu zanga zosakhudzidwa. Ba Tembo anafika ana aafupi akuviika.

"Nindani wakuuza kuchita so? Doti ya kilasi yonse mu dishi imozi? Ufuna kutipaya tonse?"

"Ndimasunga madzi, aphunzitsi," ndinayankha chapansipansi.

Sanandimenye. Anakhuthula beseni m'ngalande, anafoletsa kalasi yonse kachiwiri, n'kusambitsa aliyense okha, akufotokoza kuti matenda a mmodzi amatsala m'madzi n'kudikira wotsatira. Madzi onse amene ndinasunga anathera pomwepo. Jagi anaitsekera m'kabati. Anzanga anandipatsa dzina loti Madishi, ndipo azakhali nditawauza anangoti safunsa anadya phula. Sabata yonseyo mwana akangodzuka kupempha kupita panja, ndinkaganiza kuti ndamudwalitsa ndine. Mwamwayi palibe anadwala.

Bupe anabwerako ataonda, maso atalowa. Ba Tembo anamubwezera jagi tsiku lomwelo. Nthawi yosamba itakwana Bupe anayesa kunyamula chigubu koma chinamukanika, ndipo anandikodola.

"Iwe Madishi, uzinithirira mu jagi, ine nizisambika bantu. Manja yanga yalibe mphamvu."

Ndinavomera, monga ndinkavomerera chilichonse. Mpaka mvula inatha, ine ndinali wonyamula zigubu kumbuyo kwake, iye kutsogolo ndi sopo. Alendo a zaumoyo atabwera anayamikira Bupe, ine sanandifunse dzina.

Lero ndimadziwa kuti ba Tembo ankanena zoona, ndipo ana anga sanaviikepo manja m'beseni limodzi ndi munthu. Koma ndikaganiza za nyengo imeneyo, kansanje kaja kamadzukabe pang'ono. Bupe sanali wanzeru kundiposa. Anangobadwira pamene madzi amatuluka okha, ndiye sankawamvera chisoni. Ine ndinali nditawasenza pamutu kuyambira ndili wamng'ono, ndipo chisoni chimenecho n'chimene chinandilanditsa ntchito.