Agalu Atatu pa Mwala wa Bambo Anga

Ndimakumbukirabe kulira kwa makina odulira miyala, kulira kopweteka mano, pa kamsasa ka osema miyala ya pamanda kuseri kwa msika wa Chilenje. Atate aakulu, achimwene a malemu bambo anga, anatitengera kumeneko pa galimoto yawo, ine, akazi awo ndi ambuya, kuti tikaone mwala wa pamanda a bambo. Panali patatsala sabata imodzi kuti tiuvundukule. Ambuya, amayi awo a bambo anga, amene anandilera ku Kabwata makolo anga atamwalira, anatsala m'galimoto chifukwa cha mawondo.

Dzina la banja lathu ndi lachizungu. Chaka chimenecho atate aakulu analifufuza pa intaneti n'kupeza kuti linachokera ku Mangalande, kenako linawolokera ku Ireland, ndiponso kuti lili ndi chizindikiro chake: chishango chofiira, agalu atatu osakira nyama, chisoti chachitsulo pamwamba, mawu achilatini pansi. Anachipachika pabalaza kwawo ku Kabulonga, ndipo alendo ankauzidwa kuti ndife zidzukulu za asilikali okwera akavalo.

Ine ndinkadziwa zina, chifukwa ndinakulira m'nyumba ya ambuya. Amuna awo anali khukhi wa mzungu wina wa panjanji. Tsiku lodulitsa chitupa, mzunguyo anatopa ndi dzina lawo lenileni, n'kuuza kalaliki kuti angolemba la iye mzunguyo. M'mawa uliwonse agogo aamunawo ankayamba kuphikira agalu a bwanayo, iwo asanalawe kanthu.

Wosema anazimitsa makina n'kupukuta mwala ndi chiguduli. Agalu atatu aja anali pamwamba, aakulu, malilime ali kunja. Dzina la bambo linali pansi pa zikhadabo zawo, timalemba ting'onoting'ono.

"Waona shani, mwaiche?" anatero atate aakulu, kundifunsa kuti ndauona bwanji. "Manda yonse ija kulibe mwala monga uyu."

Ndine munthu wosalankhulalankhula, koma tsikulo ndinayesa.

"Ba tata, agalu achokepo. Pasale chabe zina ya badadi."

"Iwe! Aba ni agalu achifumu, osati tugalu twanu twa ku Kabwata. Amayi, bwelani muone!"

Ambuya anatsika pang'onopang'ono, nawerama pamwalapo kwa nthawi ndithu.

"Agalu a bwana uja anali awiri," anatero, akuyang'ana atate aakulu. "Wachitatuyu mwamutenga kuti? Wamkulu uja ndiye anamuluma atate wako pakatumba. Bala linanunkha mwezi wathunthu."

Wosema anaseka mpaka kutsokomola fumbi. Atate aakulu sanaseke.

"Amayi mwakalamba, mwayamba kusakaniza nkhani."

Ndinafunsa wosemayo ngati agaluwo angafufutike. Anapukusa mutu. Anati wasema mozama, akapala mwala uchita dzenje, ndipo wina sungathe m'sabata imodzi. Atate aakulu anali atatembenuka kale, akuuza munthu pafoni za matenti ndi mipando. Anawagwira mkono ambuya n'kuwabwezera m'galimoto ngati mwana wolakwa.

Ndinatsala ndekha ndi mwalawo. Bambo anga anali mphunzitsi wofatsa, analibe ngakhale mphaka. Tsopano azigona pansi pa agalu a munthu amene sanafune n'komwe kuphunzira dzina la bambo awo.

Akazi a atate aakulu anabwera ndi kapepala kapulasitiki. Munali sikipa yoyera, chishango chija chitadindidwa pachifuwa.

"Yako ni iyi. Tonse tizavala pa Chiwelu, usachedwe."

Anandiikira m'manja n'kubwerera kugalimoto, akudzikupiza fumbi.