Chimanga Changa cha Pafoni

Ndine nkhoswe wa Tadala, mwana wa mlongo wanga. Loweruka lina anandiitanitsa ku Zingwangwa kuti banja lavuta: mwamuna wake, Yamikani, sachoka pafoni, ntchito kusewera magemu.

Nditafika, ndinamudzudzula Yamikaniyo mosanyengerera. "Magemu a masiku ano ndi ukapolo," ndinatero. "Amakukakamiza kulowa tsiku lililonse, ukajomba kamodzi amakulanda mphatso zonse. Munthu wandevu n'kumagonjera zimenezo?"

Sindinanene kuti zonsezi ndikuzidziwira kuti. Inenso ndili ndi kagemu kanga ka ulimi, ndipo tsikulo chimanga changa cha pafoni chinali pafupi kufota. Nkhoswe wakuchimuna atayamba kulankhula, ndinatsitsira foni kunsi kwa tebulo. Tadala atandiyang'ana, ndinamunong'oneza kuti ndikusaka vesi lolimbikitsa banja.

Ndisanakolole n'komwe, inatulukira adivati yosadumphika ija, voliyumu ili pamwamba. Atambala kulira, kanyimbo kachibwana kali mkati, ine chala chili pa kamtanda kokana kutseka. Inaimba mpaka kumapeto, anthu onse akundiyang'ana.

Woyamba kulankhula anali Yamikani, mwaulemu wake wonse. "Amalume, muli pa levulo yanji?"

Munthu wanzeru akanakana. Ine pakamwa panathamanga: "Sikisite foo."

"Eee," iye anapukusa mutu mosirira, "ine ndikadali pa twente."

Tadala anaimirira, n'kutola mafoni onse awiri, n'kukawakhomera m'kabati. Chimanga chija chinafota, ndipo kunena zoona, mpaka lero chimandiwawa kuposa manyaziwo.